Kodi "pH yakwera" ndi chimodzimodzi ndi "asidi wachuluka"?

Mphunzitsi wina wa sayansi walemba kuti ophunzira ake amati "pH yakwera" pomwe akutanthauza kuti asidi wachuluka. Akufunsanso ngati mawu oti "chowawasa" angalowe m'malo mwa "asidi".

Aphunzitsi, anawo akunena zosemphana ndi zimene akuganiza. Muyeso wa pH, umene Søren Sørensen anayambitsa ku Copenhagen mu 1909, kawirikawiri umayambira pa 0 kulekeza pa 14, ndipo nambala ikamatsika m'pamene asidi akuchuluka. Madzi osasakanikirana ndi kanthu amakhala pa 7 kutentha kukakhala 25°C. Madzi a ndimu ali cha pa 2, magazi a munthu pakati pa 7.35 ndi 7.45, sopo cha pa 9 kapena 10. Asidi akachuluka, nenani kuti "pH yatsika". Wapalamula ndi mneni "kukwera", amene masiku ano tikumusenzetsa katundu aliyense: shuga wakwera, BP yakwera, ndiye pakamwa pangozolowera.

Ndimakananso mawu oti "yatsika pang'ono". Nambala ikatsika ndi 1, mphamvu ya asidi yawonjezeka ka 10. Kuchoka pa 6 kufika pa 4 ndi ka 100. Pang'ono pake ndi pati?

Tsono "chowawasa". Mawuwa ndimawakonda, ndipo ngakhale "asidi" amene tinabwerekayu gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti acidus, lotanthauza chowawasa chomwecho. Komabe m'kalasi sungani "asidi", chifukwa "chowawasa" chimaitana lilime, pomwe asidi wa m'batire ya galimoto salawidwa. Chimene chimandinyansa ndi kusokoneza kuwawa ndi kuwawasa, ngati kuti "sa" wakumapetoyo ndi chokongoletsera. Akuluakulu amene tinawamva akuyankhula sankaphonya: ndimu imawawasa, mankhwala a malungo amawawa. Sayansi ikuvomereza, pakuti asidi amawawasa, pomwe zinthu za pH yopitirira 7, zotchedwa alkali, zimawawa ndiponso zimaterera m'zala. Liwu la alkali linachokera ku Chiarabu, ndipo limanena za phulusa la zomera.

Poyeza, kapepala ka litmus kamafiira mu asidi, kamasanduka kabuluu mu alkali, koma sikatchula nambala. Wofuna nambala agwiritse ntchito mita yoyezera pH. Iyambe yaviikidwa m'madzi odziwika kale pH yake, monga a 7 ndi a 4, kuti iwongoledwe, ndipo nsonga yake itsukidwe musanayeze china. Nsongayo ikauma posunga, manambala amangoyendayenda osakhazikika.

Za mgwirizano wa mawu m'chiganizo, ine ndimati "asidi wa" koma "pH ya". Wonena kuti "pH wa dothi" sindingamutengere kubwalo, bola asanene kuti wakwera pomwe watsika.