Mudzi wanu wa ku Northamptonshire zaka za 1500 zisanafike: poyambira ndi pomwe anthu amapunthwa

Achemwali, mwati mudzi womwe mukukhala ku Northamptonshire, ku England, uli ndi tchalitchi chakale kwambiri, ndipo mabusa a nkhosa ozungulira ali ndi mizere ikuluikulu ngati munda wosiyidwa, ndiye mukufuna kudziwa poyambira kuti mupeze mbiri yake chaka cha 1500 chisanafike. N'zotheka ndithu, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi mungaigwire pa foni musanakwere ngakhale basi. Koma gwiritsitsani ichi kaye: nthawi imeneyo palibe amene ankakhala pansi kulemba mbiri ya mudzi. Zomwe zinatsala ndi zikalata za ndalama, za msonkho wa mfumu, lendi ya mwini malo, chindapusa cha pabwalo ndi chakhumi cha tchalitchi. Choncho funso lotsegula zitseko ndi lakuti "ndani ankatolera ndalama pano?" Mukamupeza ameneyo, mwapeza komwe kuli zikalata.

Otolera anali atatu, ndipo malire awo sankafanana kawirikawiri. Parishi ndi dera la tchalitchi. Vill ndi mudzi monga ankauwerengera a msonkho wa mfumu. Manor ndi malo a mwini mmodzi, pamodzi ndi anthu olima pamenepo komanso bwalo lake la milandu. Mudzi umodzi unkatha kukhala ndi ma manor awiri kapena atatu, pomwe manor imodzi inkatha kulowerera m'midzi ingapo. Apa ndi pomwe ambiri amasochera: amapeza mipukutu (zikalata zakale za pa zikopa zokulungidwa) ya manor imodzi n'kuganiza kuti aona mudzi wonse, pamene aona theka lokha.

Yambirani kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Pa tsamba la National Library of Scotland pali mapu akale a Ordnance Survey aulere, ndipo a Northamptonshire a m'ma 1880 mungawaike pambali pa chithunzi cha lero. Lembani mayina monga Manor Farm, Hall Close, Moat ndi Mill, komanso malire a parishi. Ena akuuzani kuti mufune mapu a chakhumi omwe anajambulidwa pambuyo pa lamulo la 1836. Uphunguwo ndi wabwino kwina, koma ku Northamptonshire maparishi ambiri alibe mapu amenewo, chifukwa nkhani ya chakhumi inali itathetsedwa kale pomwe minda ya mudzi inkagawidwa ndi kutchingidwa ndi mipanda. Mukawasowa, funsani ku Northamptonshire Archives chikalata chotchedwa enclosure award ndi mapu ake.

Kenako pitani pa British History Online. Pali mabuku a Victoria County History, omwe amafotokoza parishi ndi parishi kuti manor inachoka m'manja mwa yani n'kupita kwa yani, ngakhale kuti sanamalize boma lonse. Palinso mabuku a Royal Commission on Historical Monuments a Northamptonshire, omwe kwa inu ndi chuma, chifukwa amafotokoza ndi kujambula zitunda, maenje ndi mizere yomwe mukuionayo.

Mizereyo sinalimidwe ndi khasu. Inapangidwa ndi pulawo yokokedwa ndi ng'ombe, yomwe inkataya dothi mbali imodzi yokha. Mlimi ankayamba pakati pa kachigawo kake n'kumazungulira, chaka ndi chaka, mpaka dothi linaunjikana pakati ndipo m'mbali munatsala ngalande yotulutsa madzi. Ndiye chifukwa chake mzere umodzi umafika mamita 5 mpaka 10 m'lifupi. Imani kumapeto kwa busa madzulo dzuwa litapendeka, muyang'ane ngati mizereyo yapindika pang'ono ngati chilembo S cholembedwa chotembenuza. Kupindikako kunabwera chifukwa gulu lalitali la ng'ombe linkayamba kukhota lisanafike kumapeto, ndipo ndi chizindikiro chabwino cha ulimi wakale. Mizere yopyapyala yowongoka bwinobwino nthawi zambiri ndi ya m'ma 1800. Chizindikiro china ndi mpanda wa mitengo wodula mizere pakati: zikatero mizere ndiyo yakale, mpanda unabwera pambuyo.

Tsopano Domesday Book, kaundula wa 1086 yemwe William Wogonjetsa analamula. Pa tsamba la Open Domesday lembani dzina la mudzi, mupeza mwini wake wa 1066, mwini wa 1086, chiwerengero cha mapulawo, mphero, madambo ndi mtengo wa malowo. Pulawo imodzi ankaiwerengera ng'ombe 8. Anthu olembedwamo, villani (alimi a m'mudzi), bordarii (alimi a malo ochepa) ndi servi (akapolo), kwenikweni ndi mitu ya mabanja, ndiye akatswiri amachulukitsa ndi 4.5 kapena 5 kuti ayerekeze anthu onse. Samalani pa zinthu ziwiri. Hide, liwu lomwe mulipeze m'kaunduliyu, ndi muyeso wa msonkho, ndipo ngakhale mabuku amati ndi maekala pafupifupi 120, musaitenge ngati munda woyezedwa ndi chingwe. Chachiwiri, kaundulayu akapanda kutchula tchalitchi sizitanthauza kuti kunalibe. Alembi a m'madera ena ankalemba matchalitchi, ena ayi. Dzina la mudzi nalo lili ndi nkhani: lothera ndi -by kapena -thorpe, monga Corby, limaloza ku chiyankhulo cha anthu a ku Scandinavia, ndipo tsamba la Key to English Place-Names la yunivesite ya Nottingham limapereka tanthauzo. Musamasulire dzina poona kalembedwe ka lero, chifukwa tanthauzo limachokera pa kalembedwe kakale koposa.

Mukadziwa mayina a ma manor, lowani mu Manorial Documents Register pa tsamba la The National Archives. Imakuuzani zikalata zomwe zinapulumuka, zaka zake, ndi komwe zili. Musadabwe kuzipeza kutali. Manor ikakhala kuti inali ya nyumba ya amonke monga Peterborough Abbey, ya koleji ya ku Oxford kapena Cambridge, kapena inagwera m'manja mwa mfumu, zikalata zinatsatira mwini. Za mfumu zambiri zili ku Kew, ku London, komwe kuli The National Archives, mipukutu ya bwalo m'gulu la SC 2 ndipo ya maakaunti mu SC 6. Zina zinagulidwa n'kuoloka nyanja mpaka ku Huntington Library ku California. Za tchalitchi nazo sizili pomwe mungaganizire: Northamptonshire inali pansi pa bishopu wa Lincoln mpaka 1541, choncho mabuku olemba za kuikidwa kwa ansembe a parishi yanu ali ku Lincoln. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro sakuthandizani pano, chifukwa lamulo lowayambitsa ndi la 1538.

Mpukutu wa bwalo la manor ndiwo umakufikitsani pafupi ndi anthu wamba. Ndi zikopa za nkhosa zopalidwa, zosokedwa pamodzi kumutu, zolembedwa mbali zonse ziwiri. Pamwamba pali dzina la manor ndi tsiku. M'munsi muli timizere tating'ono: uyu nkhumba zake zalowa m'tirigu wa mwini malo, uyu wafulula mowa n'kugulitsa mophwanya lamulo la mtengo, uyu walipira kuti mwana wake wamkazi akwatiwe. Pamwamba pa dzina mlembi ankaika kachiwerengero, ijd kapena vjd, kutanthauza chindapusa cha makobidi 2 kapena 6. Chilembo j ndi i womaliza chabe. Agogo athu omwe anagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi makobidi kwacha isanabwere mu 1971 sangavutike ndi masamu ake: makobidi 12 ndi sheleni, masheleni 20 ndi paundi. Chachilendo ndi mark yokha, yomwe sinali ndalama yogwirika ku England koma chiwerengero cha masheleni 13 ndi makobidi 4.

Mlimi akamwalira, mwini malo ankatenga chiweto chake chabwino koposa, msonkho wotchedwa heriot, ndipo mlembi ankalemba dzina la womwalira, malo ake, chiweto ndi wolowa m'malo. Chifukwa cha ng'ombe imeneyo timadziwa zomwe mliri wa 1348 ndi 1349 unachita m'midzi. Pomwe bwalo linkalemba maliro awiri kapena atatu, mwadzidzidzi chikopa chonse chimadzaza mayina. Ku Walsham le Willows ku Suffolk mipukutu ya 1349 inalemba alimi omwalira oposa 100, ndipo pena mumapeza wolowa m'malo nayenso wamwalira bwalo lisanakumane. Ndi zowawa kuwerenga, makamaka poona kuti akazi ambiri, ana ndi antchito opanda malo sanalembedwe n'komwe popeza panalibe chiweto choti atenge. Mukalowa m'tchalitchi chanu yang'anani bolodi la mayina a ansembe, muone ngati pali kusintha mu 1349.

Chovuta chenicheni ndi kuwerenga. Mipukutuyi ili m'Chilatini mpaka 1733, kupatula zaka za m'ma 1650, ndipo pafupifupi liwu lililonse ndi lofupikitsidwa. Kamzere pamwamba pa liwu kamasonyeza kuti zilembo zasiyidwa, kawirikawiri m kapena n. Zilembo i, m, n ndi u zonse ndi timitengo toimirira tofanana, moti pamafunika kuwerenga timitengoto kamodzikamodzi. Chilembo c chimafanana ndi t, ndipo s wamtali amafanana ndi f. Ubwino wake ndi wakuti alembi ankabwereza mawu omwewo, ndiye mukadziwa ziganizo makumi angapo mwadziwa zambiri. The National Archives ili ndi maphunziro aulere pa intaneti a Chilatini ndi a kalembedwe kakale. Njira yofulumira ndi kutenga mpukutu womwe wina anasindikiza kale, kuuika pambali pa chithunzi cha chikopa, n'kumakopera mzere ndi mzere. Pokopera lembani zomwe mukuona, ndipo zilembo zomwe mwaonjezera nokha muziike chizindikiro, kuti mawa musadzasokoneze maganizo anu ndi umboni. Dikishonale ya Chilatini cha Aroma ikusocheretsani, chifukwa mawu ambiri a kumunda ndi Chingerezi kapena Chifalansa chovekedwa mchira wa Chilatini. Ya R. E. Latham ya Chilatini cha nthawi imeneyi ndiyo yoyenera.

Masiku ndiwo amagwetsa ngakhale ophunzira a ku yunivesite. Mlembi sankalemba chaka monga ife. Ankalemba motere: Lolemba lotsatira chikondwerero cha Mikayeli Woyera, chaka cha 23 cha ufumu wa Edward wachitatu. Kuti mumasulire, yambani ndi mfumu. Zaka za Edward III zimayamba pa 25 January 1327, choncho chaka cha 23 chikuyamba pa 25 January 1349 n'kutha pa 24 January 1350. Chikondwererocho ndi cha pa 29 September, ndipo mu 1349 linali Lachiwiri. Lolemba lotsatira ndi 5 October 1349. Buku la C. R. Cheney la masiku lili ndi matebulo a zonsezi, ndipo limapezeka m'zipinda zowerengera zikalata. Chenjerani ndi ma Edward atatu otsatizana kuyambira 1272 mpaka 1377. Woyamba amalembedwa kuti Edward mwana wa mfumu Henry kapena Edward basi, wachiwiri Edward mwana wa mfumu Edward, wachitatu ndiye amatchedwa wachitatu chigonjetsereni, kutanthauza kuyambira pomwe William anagonjetsa England mu 1066. Mukaphonya apa mwaponya chikalata zaka makumi kutali ndi kwawo. Komanso chaka cha ku England chinkayamba pa 25 March mpaka kusintha kwa 1752, ndiye chikalata cholembedwa February 1400 kwa ife ndi February 1401.

Pa chiwerengero cha anthu, fufuzani dzina la mudzi mu E 179, ndandanda ya zikalata za msonkho ya ku Kew. Msonkho wa 1334 umapereka ndalama ya mudzi wonse popanda mayina. Wa pamutu wa 1377 unali makobidi 4 kwa aliyense wa zaka 14 kupita m'tsogolo, ndipo ndi wodalirikako. Wa 1381 unali sheleni yathunthu, anthu ambiri anazemba, ndipo unathandiza kuyatsa kuukira kwa alimi chaka chomwecho. Mukaona mayina achepa pakati pa 1377 ndi 1381, musathamangire kunena kuti anthu anafa.

Tsiku lopita kukaona zikalata, sungitsani malo ndi kuitanitsa zomwe mukufuna pasadakhale, chifukwa maofesi ambiri a m'maboma satsegula sabata yonse. Ku Kew tikiti yowerengera imafuna ziphaso ziwiri, cha dzina ndi cha adiresi. Tengani pensulo, cholembera cha inki saloleza. Sambani m'manja muume bwino, osadzola mafuta. Mpukutu umafuna kudzipinda wokha, ndiye pemphani zolemera zopsinjira, muzitambasula pang'onopang'ono osaukakamiza. Jambulani kaye chikwangwani cha nambala ya chikalata, kenako mutu wa chikopa chilichonse, ndiponso kumbuyo kwake, chifukwa zithunzi 200 zopanda nambala sizidzakuthandizani pobwerera kunyumba. Funsaninso ngati mudzi wanu uli ndi gulu la mbiri ya m'deralo. Nthawi zambiri mumapezeka munthu wachikulire yemwe anakopera kale mipukutu ina ndipo akungosowa womufunsa. Mutiuze dzina la parishi ndi ma manor omwe mwapeza, tikuthandizani kusankha chikalata choyamba kuitanitsa.