Kodi mtengo wopanda masamba tingaudziwe bwanji?

FUNSO: Akonzi, anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi mtsinje wa Bua, andisankha kulowa m'komiti yosamalira nkhalango, ndipo tikufuna kulemba mitengo yonse imene tili nayo. Vuto ndi lakuti ntchitoyi yagwera m'chilimwe, mitengo yambiri itayoyola masamba. Kodi khungwa lokha lingatithandize? Wowerenga, Nkhotakota.

YANKHO: Lingakuthandizeni ndithu, malinga muziyang'ana thunthu la mtengo wokhwima pamsinkhu wa pachifuwa panu, chifukwa mitengo yaing'ono ya mitundu yambiri imakhala ndi khungwa losalala lofanana, ndipo imasokoneza ngakhale akuluakulu.

Muyambe ndi mlombwa ndi mbawa, popeza ndi imene ocheka matabwa amailondalonda. Khungwa la mlombwa ndi lodera, lokhakhala, ndipo ming'alu yake imaligawa timagawo ngati msana wa ng'ona. Pamene lavulala pamatuluka utomoni wofiira kwambiri, womata, umene ukadontha pa malaya suchoka msanga. Mtengo wa mbawa umakonda m'mbali mwa mitsinje ndipo sukhalitsa wopanda masamba. Khungwa lake ndi lotuwa, losalalako, koma mtengowo ukakula limasupuka tizidutswa tozungulira n'kusiya zipsera. M'kati mwake ndi mofiirira ndipo n'lowawa mukalilawa.

Mlambe safuna kufotokoza. Mkuyu mudzaudziwa ndi khungwa lachikasu ndiponso utomoni woyera, pamene msetanyani, umene umamera pamiyala, uli ndi thunthu loyererako ndi loterera.

Pamene mudzavutike ndi pa mitengo ya mombo, tsamba ndi anzake, imene ndi yochuluka zedi m'boma lanu, mpaka m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Makungwa a mitengo imeneyi ndi otuwa, ambiri amatulutsa luzi, ndipo ine sindingakulangizeni kulemba dzina mongodalira khungwa. Tolani makoko a mbewu amene agwa pansi pake, muike chizindikiro pamtengowo, kenaka mubwerenso mu Seputembala ndi mlangizi wa zankhalango, masamba atsopano ofiira atatuluka.

Pofuna kuona utomoni, musateme mtengo. Fufuzani bala lakale kapena nthambi yothyoka. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa, choncho mtengo umene wasendedwa kuzungulira thunthu lonse nthawi zambiri umauma, ngakhale ukhale waukulu bwanji.