Funsani za Kompyuta: Kodi RISC-V ndi chani?

Funso: Achimwene, ine ndimakonza mafoni pa msika wa Ulongué kuno ku Angónia ndipo ndayamba kuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu, pa foni. Ndamva za RISC-V akuti ndi purosesa yaulere, ndiye Python wangayu agwirapo ntchito? Wowerenga wathu, Ulongué.

Yankho: Zikomo achimwene. Chaulere si chip chenichenicho ayi, chip mumagulabe ndi ma meticais anu. Chaulere ndi ndondomeko ya malamulo amene purosesa, chip chomwe ndi ubongo wa foni kapena kompyuta, imamva. RISC-V inayambira pa University of California ku Berkeley mu 2010, a Krste Asanović ndi a David Patterson anali mgululo, ndipo aliyense atha kupanga purosesa yake potsatira ndondomekoyi osalipira laisensi, pomwe mafoni mukukonzawo pafupifupi onse ali ndi purosesa za mtundu wina wotchedwa ARM, ndiye kampani ikafuna mapulani a ARM imayenera kulipira.

Za Python musadandaule. Kale anthu ankalemba mapulogalamu mu assembly, chinenero cha purosesa yeniyeniyo, purosesa iliyonse chinenero chake, ukasintha makina uyambirenso. Chinenero cha Fortran chitabwera mu 1957 kenako cha C cha Dennis Ritchie mu 1972, pulogalamu yotchedwa compiler ndi imene inayamba kumasulira zomwe walemba kuti purosesa imve, ndiye purosesa yatsopano ikabwera amangophunzitsa compiler basi. Python yomwe mukuphunzirayo inalembedwa mu C, ndipo GCC, compiler yomasulira C, imadziwa kale RISC-V.

Ine chimandisangalatsa kwambiri ndi kabodi ka ESP32-C3, nkotchipa, mkati muli RISC-V ndipo MicroPython, Python ya timabodi ting'onoting'ono, imayendamo bwinobwino. Mukapita ku Tete kapena Lilongwe kafunseni m'mashopu a zamagetsi, muyambe nkuyatsa kababu ka LED.