Musafomate, achimwene, ndagwira mwendo wanu

Achimwene, zulani kaye pakhoma NAS yanuyo, bokosi lija la madisiki losungira mafayilo pa netiweki, musanamalize n'komwe kuwerenga izi. Nyali yophethira mukunenayo, NAS osaonekanso pa netiweki, ine zinandipeza mu February 2022, ndipo mpaka lero kukagunda bingu cha kuphiri mtima umandithamanga.

Ambiri muno mukudziwa kuti ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Luchenza, nthawi zina mpaka Chonde ndi Chitakale. Bokosi langa linali la madisiki awiri a 2TB, RAID 1, zolembedwa pa imodzi zimalembedwanso pa inzake. Ndiye ndinkagona tulo tofa nato. Ntchito ya zaka zisanu inali mmenemo, kuphatikizapo kanema wa maliro a mayi anga amene kunalibenso kwina. Usiku wina kunagwa mphenzi, magetsi anathima n'kubwera mwaukali. M'mawa nyali ikungophethira, madisiki osazungulira. Ndinayatsa ndi kuzimitsa mwina kakhumi. Ukwati wa Loweruka lapitalo unali momwemo, memori khadi nditafufuta kale, ndipo mkwati anali wobwerera ku Johannesburg Lachisanu.

Ndinathamangira kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta, sindimutchula, akudzidziwa yekha. Akuti bwana izi ndi zazing'ono, tazipanga zambiri. Anatulutsa disiki yoyamba n'kuilumikiza pa kompyuta yake ya Windows. Palibe chinaoneka. Chifukwa chake ndinadzachidziwa mochedwa: mabokosi ambiri amenewa mkati mwake muli Linux, madisiki amasanja mafayilo mwa njira yotchedwa ext4 kapena Btrfs, ndipo Windows payokha siwerenga zimenezo. Disiki inali bwinobwino, kungoti inkalankhula chilankhulo china. Ine ndinatuluka kukagula mayunitsi, mphindi khumi sizinakwane. Pobwera ndinapeza akumwetulira, akunditembenuzira sikirini. "Yadzuka bwana." Ndikuyang'ana: New Volume, 1.81 TB, yopanda kanthu. Anali atafufuta mapatishoni onse, magawo a disiki aja, n'kufomata kukhala NTFS, njira ya Windows yosanjira mafayilo, ndipo poyesa ngati ikugwira anakoperamo foda ya mafilimu ake a karate. Pamwamba pa maliro a mayi anga, mafilimu a karate! Miyendo inazizira, m'kamwa munauma gwa, ndinangomva wailesi ya pa shopu yoyandikana ikuimba ngati ili kutali. Ndiye ndikuona dzanja lake likupita pa disiki yachiwiri, akuti tipange chimodzimodzi kenako tiika pulogalamu yobweza mafayilo. Ndinamulanda ngati mphamba wakwatula mwanapiye, n'kuiponya m'thumba la jekete. Ndipo munthu wopanda manyaziyo anandilondola mpaka pamsewu kufuna K15,000 yake ya ntchito. Ntchito yanji? Vuto la anyamata enawa si kusadziwa ayi, tonse pali zomwe sitidziwa. Vuto ndi lakuti mawu oti "izi sindizitha" amawawawa kukhosi.

Madzulo omwewo ankhoswe a kuchikazi anaimba kufunsa kanema. Ndinanama kuti ndikumalizitsa kuika nyimbo. Sindinadye.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga, amaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Anakwera minibasi ku Limbe atatenga flashi ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ine ndinabwereka disiki ina ya 2TB kwa mnzanga. Anakana kwamtuwagalu kubwezera disiki yotsalayo m'bokosi. Anati malume, iyi ndi imodzi yokha, tiyamba tapanga kope yake yathunthu. Anaikopera yonse ndi pulogalamu yotchedwa ddrescue, usiku wonse, pa batire ya galimoto ndi inveta poopa magetsi. M'mawa anagwira ntchito pa kopeyo, osati pa yeniyeniyo: anagwiritsa ntchito pulogalamu ya mdadm kuti RAID idzuke ndi disiki imodzi, kenako kuitsegula moti tingowerenga, osalembapo kanthu. Mafoda anatuluka ndi mayina awo. Ndinayamba ndi kanema wa mayi, ukwati wa eniwo pambuyo. Makanema awiri a chinkhoswe chakale amadumphadumpha chifukwa disikiyo inali ndi malo owonongeka, koma zina zonse zinabwera. Ija yofomatidwa tinaiyesa ndi PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo, mongofuna kuona. Zithunzi zinabweradi zambiri, koma mayina ake ngati f0483920.jpg, zopanda mafoda, maukwati onse atasakanikirana ngati nyemba ndi nandolo m'thumba limodzi.

Ndipo mudziwe chomwe chinafa: adapter. Kachingwe ka 12V kaja basi. Titayeza ndi mita kankatulutsa mphamvu yongokwanira kuyatsa nyali. Bokosi lenilenilo likugwira ntchito mpaka pano.

Ndiye inu yambani pomwepo, yezani adapter, ndipo mukapeza ina ikhale ya mavoti ofanana ndi ma amp osachepera olembedwa pa yakaleyo. Musapatse madisiki anu munthu amene sadziwa za mabokosi amenewa, ngakhale akhale m'bale wanu. Musanawatulutse alembeni 1 ndi 2 ndi cholembera, chifukwa ngati munaika RAID 0 mafayilo anagawanika pakati, disiki imodzi payokha ilibe ntchito. Madisiki akuluakulu a 3.5 aja safuna kachingwe ka USB kokha, amafuna magetsi awoawo, apo ayi mudzaganiza kuti afa pamene sanadye. Kompyuta ikakufunsani Initialize kapena Format, yankho ndi ayi. Bokosi likadzuka n'kumapempha Repair, musalole musanakopere. Ikani khutu pa disiki: ikamalira kuti tiki tiki tiki, zimitsani, pamenepo palibe pulogalamu ingathandize, ndipo za kuika mufiriji zija musayerekeze, chinyezi cha kuno n'chokwanira kale.

RAID payokha musaidalire, mphenzi imodzi ikhoza kuwotcha madisiki onse awiri nthawi imodzi. Pano ndili ndi disiki ina yomwe imakhala kwa achemwali ku Bvumbwe, ndimayenera kupita nayo mwezi uliwonse, ngakhale kunena zoona ndinapitako komaliza chaka chatha. Mitambo ikangoda ku Sapitwa ndimazula zonse, ndi chingwe cha ku rauta chomwe.

Tiuzeni, muli madisiki angati, ndipo mukayatsa mukumva akuzungulira kapena kuli zii?