Kujambula filimu ya nkhondo ya Chimurenga ndi ndalama zochepa: yankho kwa achemwali a ku Mufakose

Achemwali ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, atilembera imelo. Agogo awo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito pafamu ya fodya ku Centenary, nkhondo ya Chimurenga, yomenyera ufulu wa dzikoli, n'kuwapeza komweko. Alemba sewero la mphindi 25 la wantchito wa pafamu wopanikizidwa mbali ziwiri: usiku anyamata a m'tchire, omenyera ufulu, akufuna ufa ndi nkhuku, masana asilikali a boma la azungu la Ian Smith akufuna mayina. Akufunsa kuti ajambula bwanji kuwomberana kuti kuoneke kwenikweni pomwe ndalama n'zochepa, ndiponso kuti amene anamenya nkhondoyo adzailandira motani filimuyo.

Achemwali, nkhani mwasankhayi ndi yamtengo wapatali. Ku Centenary n'kumene nkhondo inakolera moto mu Disembala 1972, pamene ankhondo a ZANLA, limodzi la magulu omenyera ufulu, anaukira famu ya Altena, ndipo m'makomboni a mafamu a dera limenelo munali anthu athu ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Mawu awo samveka kawirikawiri m'mafilimu. Tiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene lingaphe filimu isanaonetsedwe n'komwe.

Mu 1996 Ingrid Sinclair anatulutsa filimu yotchedwa Flame, yokamba za atsikana awiri amene analowa m'gulu la ankhondo. Muli malo pamene mkulu wa ankhondo omwewo akugwiririra mmodzi wa iwo kukampu. Bungwe la omenyera ufulu linakwiya, apolisi analanda filimuyo ili mkati mokonzedwa, ndipo inabwezedwa phokoso litakula mpaka kunja kwa dziko. Chaka chomwecho inakaonetsedwa pachionetsero cha mafilimu ku Cannes, ku France, ndipo kuno ku Zimbabwe anthu anakaionera mwaunyinji. Anthu sanakangane za kamera kapena za mfuti. Mkangano unali wakuti ndani ali ndi ufulu wofotokoza nkhondo imene eni ake akadali moyo. Nkhani yanu idzakhudza bala lofanana, chifukwa mawu oti mutengesi, kutanthauza wogulitsa anzake kwa adani, anaphetsa anthu, ndipo wantchito wa mzungu ankaganiziridwa msanga.

Choncho musanabwereke kamera, werengerani seweroli anthu a magulu atatu, gulu lililonse palokha: amene anagwira mfuti, amene anali mujiba kapena chimbwido (anyamata ndi atsikana amene ankatumikira ankhondo), ndi nkhalamba za m'makomboni. Musawasakanize, chifukwa gogo wa pakomboni sadzatsegula pakamwa pamaso pa amene ankamuopa. Afunseni tinthu ting'onoting'ono: chakudya chinkaperekedwa m'mbale yotani, ndani ankachilawa choyamba, papungwe (msonkhano wa usiku wa ankhondo ndi anthu wamba) ankayimba mpaka nthawi yanji, bwana ankalamula mawu ati m'Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha mabwana ndi antchito. Sitikukuuzani kuti mufufute chilichonse chimene wina wadana nacho. Koma munthu amene munamufunsa poyamba amatsutsana nanu pokambirana, pomwe amene wadzidzimukira m'holo amathamangira kwa akuluakulu.

Za mapepala n'zachidule koma musazidumphe. Lamulo la Defence Act limaletsa munthu wamba kuvala zovala zamawangamawanga za asilikali, ndiye pemphani chilolezo cholembedwa. Dziwitsani polisi ya dera limene mukujambulako, mfumu, ndi mwini malo, tsiku ndi ola. Filimu ikatha iyenera kudutsa ku Board of Censors, bungwe la boma lounika mafilimu, isanaonetsedwe pagulu.

Tsopano mfuti. Langizo lathu ndi lakuti pamalo anu ojambulira pasafike mfuti yeniyeni ngakhale imodzi. Anthu amaganiza kuti zipolopolo zopanda mutu, zija amati ma blank, n'zoseweretsa. Mpweya wotentha wotuluka kukamwa kwa mfuti umatha kupha munthu ali pafupi, ndipo kanthu kalikonse kotsalira mumpope kamauluka ngati chipolopolo. Umu ndi mmene Brandon Lee anafera mu 1993. Mu 2021 wojambula Halyna Hutchins anaphedwa ku New Mexico ndi mfuti imene inali ndi chipolopolo chenicheni pamalo ojambulira. Amenewo anali ndi ndalama ndi akatswiri. Inu pangitsani mfuti za labala kapena za mtengo kwa mmisiri, ziwiri zokongola zojambula pafupi, zina zonse zapatali. Moto wa kukamwa, utsi ndi makatiriji ogwa muziika pakompyuta. Masana moto wa AK-47 suoneka kwambiri, choncho kamoto ka mu chithunzi chimodzi kapena ziwiri pa zithunzi 25 za sekondi n'kokwanira. Chimene chimaulula bodza ndi phewa: wosewera aphunzire kugwedezeka ndi mfuti, ndipo wina aziomba matabwa awiri kuti onse adzidzimuke nthawi imodzi.

Mfuti zake zikhalenso zolondola. Anyamata a ZANLA ankanyamula AK-47 ndi SKS, asilikali a Rhodesia FN. Magazini a AK amalowa zipolopolo 30, ndipo ukapanikiza chala osachotsa zimatha m'masekondi atatu. Munthu amene wayenda wapansi kuchokera kumalire a Mozambique atasenza zipolopolo zake sangazimwaze chotero. Amene anamenya nkhondo amaseka akaona wosewera akuwombera mphindi yathunthu osasintha magazini, ndipo akayamba kuseka mwawataya.

Fumbi la chipolopolo chomenya pansi lipangeni ndi mpweya, osati wonga. Kwirirani paipi yopyapyala, kukamwa kwake ikani dothi losefa louma lodzaza supuni zitatu, mbali inayo mulumikize ku pampu kapena kompuresa. Dothi likhale losefadi, chifukwa kamwala kamodzi kakhoza kuboola diso. Magazi ndi manyuchi a golden syrup, utoto wofiira wa makeke ndi koko pang'ono kuti adere. Opanda koko amaoneka ngati jamu. Amaitana njuchi ndi nyerere, ndiye khalani ndi madzi pafupi, komanso malaya atatu ofanana a aliyense amene awomberedwe, popeza simudzakhoza ulendo woyamba.

Koma ndalama zanu zambiri zipite ku mawu. Apa ndi pamene mafilimu athu ambiri amagwera. Nkhondo ya wantchito wa pafamu inali ya m'makutu: agalu akuuwa kukomboni, kugogoda pachitseko pakati pa usiku, injini ya galimoto ya asilikali ikuyandikira, helikopita ya Alouette kuseri kwa phiri. Simufunika helikopita. Mufunika phokoso lake, mphepo yogwedeza udzu, ndi nkhope ya mayi akuyang'ana kumwamba. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho bomba lophulika pa mtunda wa mamita 700 lioneke kaye, limveke patapita masekondi awiri. Kachetechete wa masekondi awiriwo amaopsa kuposa kuphulikako. Lembani ntchito munthu wa mawu wokhala ndi maikolofoni ya pandodo, ndipo pamalo aliponse onse akhale chete mphindi imodzi kuti ajambule mpweya wa malowo. Popanda zimenezi, polumikiza zidutswa pamamveka kudukaduka. Nyimbo za papungwe aziyimba anthu enieni panja usiku, osati mu situdiyo.

Kamera nayo ili ndi kachinsinsi kake. Pojambula zithunzi 25 pa sekondi, shutter, imene ndi nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, imakhala pa 1/50 ya sekondi. Pa nthawi ya kuwomberana ikwezeni ifike 1/100 kapena 1/200, ndipo dothi louluka lidzaoneka kambewu kalikonse, kuthamanga n'kukhala kodukiza ngati mtima wa munthu wamantha. Njirayi inatchuka ndi Saving Private Ryan mu 1998. Imadya kuwala, choncho siyenera usiku, ndipo mukaigwiritsa ntchito pokambirana anthu wamba imatopetsa maso.

Tsamba limodzi la sewero ndi mphindi imodzi ya filimu. Zokambirana mungajambule masamba atatu kapena anayi patsiku, koma kuwomberana kwa tsamba limodzi kumadya tsiku lathunthu. Pa mphindi 25 zanu, nkhondo yooneka ndi maso isapitirire mphindi ziwiri. Jambulani m'chilimwe mvula isanayambe, ndipo malizani malo amodzi m'sabata imodzi, chifukwa misasa ikayamba kuphuka masamba ofiira cha mu Ogasiti ndi Seputembala, phiri la Lolemba silifanana ndi la sabata yotsatira. Zovala zinyikeni mu tiyi wakuda, muzikhule ndi sandipepa m'mawondo ndi m'makolala. Kamera isanayambe, wina ayang'ane chithunzi chonse kufunafuna za masiku ano: sola padenga, nsanja ya foni, zigubu za pulasitiki, mawigi, mabowo a ndolo zamakono.

Chinenero musachisalaze. Kukomboni azilankhula Chichewa, anyamata a m'tchire Chishona, bwana Chilapalapa, ndipo mantha a agogo anu amveke pamene akuyankha m'Chishona chothyoka podziwa kuti lilime lawo lomwelo likuwaulula kuti ndi obwera. Mawu omasulira olembedwa pansi pa chithunzi asapitirire mizere iwiri, uliwonse zilembo pafupifupi 40.

Mukamaliza kulumikiza koyamba, musathamangire ku Zimbabwe International Film Festival. Ionetseni kaye kwa magulu atatu aja, m'chipinda chaching'ono, ndipo pakhale munthu wodziwa kukhazika mtima pansi wokalamba amene zakale zamubwerera. Muwauziretu kuti muli kulira kwa mfuti, ndipo chitseko chikhale chotsegula kuti wofuna kutuluka atuluke. Mukatero konzani zimene zalakwikadi, kenako pitani nayo ku Board of Censors.