Chi H chija chinandisowetsa tulo sabata zitatu

Achemwali, 85 imene mwati yatuluka papepala lanu la magazi pa total protein, mapuloteni onse a m'magazi, isakulizeni. Yanga inali 87, pambali atalemba 60–80 ngati malire oyenera, ndi chi H chakuda bii, kutanthauza kuti yakwera.

Ine ndinangopita chifukwa cha kutopa basi. Mnyamata amene anandilandira pa kiliniki ina m'tauni sanandiyang'ane n'kumaso komwe. Anagogoda pepala ndi bolopeni, amvekere, "Mayi, izi nthawi zina imakhala khansa ya m'mafupa," foni yake n'kulira, iye n'kuyankha. Anacheza mpaka kuseka, ine ndili pompo, miyendo itazizira. Ndinatuluka ambulera nditaiwala pabenchi. M'minibasi ya ku Matero ndinapinda pepalalo, kulitambasula, kulipindanso, mpaka linang'ambika pamzere wa nambala ija. Kondakitala anaitanitsa ndalama katatu ine osamva. Madzulo ndinaphika nsima, ana akudya ine ndikuwagawa mumtima, uyu apita kwa amalume ake, wamng'onoyu kwa mayi anga ku Chipata. Mnyamata wa pa kiliniki uja mpaka lero sindinamukhululukire. Mawu otero ungamuponyere mnzako ngati ukumuuza mtengo wa tomato?

Amene anandikhazika mtima pansi ndi dokotala wina wachikulire. Anati malire ambiri a pamapepalawa amabwera limodzi ndi makina, ndipo anawapeza poyeza anthu a ku Ulaya ndi ku America. Ife takula ndi malungo, likodzo, njoka zam'mimba, ndiye mapuloteni olimbana ndi matenda, aja amati IgG, amatichulukira m'magazi n'kukweza total protein. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009, woyeza anthu athanzi ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi konkuno ku Lusaka, anapezadi IgG yathu ili pamwamba poyerekeza ndi malire a ku America. Komanso malirewo amawaika kuti akwane anthu athanzi 95 pa 100, ndiye mmodzi pa 20 amagwera kunja alibe kanthu.  Kuwonjezera apo, tsikulo ndinali nditayenda padzuwa la Okutobala osamwa madzi, ndipo madzi akachepa m'thupi nambalayi imakwera.

Koma achemwali, nkhani yangayi isakukhalitseni pakhomo. Myeloma, khansa ya m'mafupa ija, ilipodi, ndipo imagwira anthu akuda kwambiri kuposa azungu. HIV, TB ndi hepatitis B nazonso zimakweza nambala yomweyi. Bwererani ndithu, muone albumin, mtundu wina wa mapuloteniwa, ili pati, mupemphe electrophoresis, kuyeza kolekanitsa mapuloteni m'mitundu yake, ndi imene inandimasula ine. Ngati msana ukuwawa, magazi achepa kapena thupi likutsika, musadikire n'mawa lomwe, ngakhale wina akuuzeni kuti anthu akuda timakhala choncho. Mumwe madzi musanatengedwe magazi, ndipo pokatenga zotsatira mupite ndi munthu.