Poizoni amene amabisala m'nkhokwe: yankho kwa mayi wa ku Katete

Mayi wina wa ku Katete wandilembera pa imelo, ndipo wandilola kuyankha poyera popanda kutchula dzina. Bambo awo, amene sanalawepo mowa chibadwire, awapeza ndi matenda a chiwindi. Munthu wina wogulitsa tiyi amene amati amatsuka m'thupi wawauza kuti gwero la vutoli ndi zakudya za m'sitolo ndi chimanga cholimidwa ndi feteleza. Akufunsa ngati banja lonse liyenera kubwerera ku zakudya za kumudzi zokhazokha, komanso ngati tiyiyo angachotse poizoni m'thupi mwa bambo awo.

Pepani kwambiri, mayi, ndi matendawa. Amene angakuuzeni chimene chadwalitsa bambo ndi dokotala amene wawayeza magazi, koma pa nkhani ya chakudya ndili ndi mawu, chifukwa wogulitsa tiyiyo wanena zoona pang'ono n'kusiya chachikulu. N'zoona kuti zakumwa zotsekemera, mchere wambiri ndi zokazinga za tsiku ndi tsiku zimathandizira kubweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mbale ya nsima ya mgaiwa ndi nyemba, bonongwe kapena chibwabwa chotendera imaposa zambiri za m'mapaketi. Koma poizoni amene ine ndimamuopa kwambiri pa chiwindi kuno kum'mawa kwa Zambia sachokera m'fakitale. Amamera yekha pa nshawa ndi chimanga chathu chomwe.

Dzina lake ndi aflatoxin, ndipo amapangidwa ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimene chimakhala m'dothi. Anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi nshawa zochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo kwathu konkuno, mu August 2024, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi chimanga choterechi. Chimenecho chinali chaka cha chilala, ndipo zimenezi n'zogwirizana, chifukwa mbewu ikafooka ndi ng'amba, kapena ikabooledwa ndi chiswe ndi mbozi, chuku chimalowa mosavuta mbewuyo ikadali m'munda. Imfa zadzidzidzi ngati zimenezi n'zimene zimamveka pa wailesi, koma choopsa kwa ambiri a ife ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kumene kumawononga chiwindi mwakachetechete mpaka kubweretsa khansa. Munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamagwira chiwindi, ndiye amakhala pa ngozi yaikulu koposa, popeza ziwirizi zimathandizana.

Tsono taganizirani zimene zimachitika pakhomo nthawi yoswa nshawa. Ndinakulira pa mphasa ya agogo anga aakazi, ndipo ndikukumbukira bwino mmene ankawazira madzi pa nshawa madzulo n'kuziphimba ndi thumba kuti makoko afewe, zala zisapweteke m'mawa. Chinyezi ndi kutentha kwa pansi pa thumbalo n'kumene chuku chimafuna. Tikamaliza kuswa, ankasankha pa lichero: zonenepa ndi zosalala zinkalowa m'thumba lokagulitsa, ndipo zofota, zosweka ndi zothimbirira zinkatsala m'kambale kuti azisinje nsinjiro yotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la ana. Agogo ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi ndi kusamala chuma, koma zimandipweteka mtima ndikaganiza kuti zabwino zinkapita kwa ogula, ndipo zimene zinkakhala ndi poizoni wambiri zinkalowa m'mimba mwathu. Mpaka lero makomo ambiri a ku Chipata, ku Chadiza ndi ku Petauke akuchita chimodzimodzi.

Moto sumupha poizoniyu. Kukazinga nshawa kumangomuchepetsa pang'ono, ndipo nsima ngakhale ipse bwanji, iye amakhalabe momwemo. Nthawi zambiri saoneka ndi maso, alibe fungo, ndiponso amadutsira mu mkaka wa ng'ombe ngakhale wa mayi woyamwitsa. N'chifukwa chake kutayira ziweto chimanga chowola, kapena kuchisandutsa mowa, sikuthetsa vuto.

Za tiyi uja, yankho langa ndi lakuti musagule. Palibe masamba amene amakolopa aflatoxin m'chiwindi chimene chawonongeka kale, ndipo popeza chilichonse chimene munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi momwemo, mankhwala osadziwika mphamvu yake akhoza kuwonjezera katundu pa chiwalo chimene chatopa kale. Bambo asamwe chilichonse, cha m'botolo kapena cha kuthengo, dokotala wawo asanadziwe. Ndalama ya tiyiyo ikhale ya ulendo wa kuchipatala, ndipo mukapemphe kuti inu, abale anu ndi amayi mukayezedwe hepatitis B. Muonenso makadi a kusikelo a ana ngati analandira katemera yense, popeza wa hepatitis B ali m'gulu lomwelo.

Ntchito yotsala ndi ya m'munda ndi pakhomo. Nshawa zikumbidwe zikangokhwima, ziyanikidwe pa thandala kapena pa mphasa osati pa dothi, mpaka ziyambe kulira m'makoko mukazigwedeza, ndipo ziswedwe zouma popanda kuwaza madzi. Matumba akhale pa matabwa, osagunda khoma. Mukamagula chiponde kapena nsinjiro pamsika simungaone nshawa zimene zinalowamo, choncho n'kwabwino kugula nshawa zathunthu, kusankha nokha, n'kukasinja. Masiku ena kandolo, maungu kapena mapira zilowe m'malo mwa nsima ya chimanga, kuti thupi lisamadalire mbewu ziwiri zokha. Ndipo popeza kwanuko mumalima thonje, botolo limene munali mankhwala opopera lisasandukenso la madzi akumwa kapena la mchere, ngakhale litatsukidwa kangati.

Ngati m'nyumba muli kambale ka nshawa zotsala posankha, zikwirireni m'dzenje lero lomwe, nkhuku zisazifike. Mundilemberenso mukabwerako kuchipatala, ndimve mmene bambo akupezera.